Mizere iwiri sikutha kwa nkhani

Nali funso loti mufunsane pabanja. Kachipangizo koyezera magazi, kamene kamalakwitsa kawiri kokha pa maulendo 100, kasonyeza kuti munthu ali ndi HIV. Kodi mpata woti alidi nako kachilomboko ndi waukulu bwanji? Ambiri angati 98 pa 100, koma masamu akukana.

Tiyerekeze kuti tsiku la msika pa Mponela anthu 1,000 ayezetsa, ndipo 10 okha ndiwo ali nako. Kachipangizoka kawapeza onse 10. Koma pa anthu 990 otsalawo, kanamizirapo pafupifupi 20. Ndiye kuti anthu 30 aona mizere iwiri, chonsecho 20 mwa iwo alibe kachilombo.

Chinsinsi chake n'chakuti matenda akakhala osowa pagulu, onamiziridwa amatha kuchuluka kuposa odwala enieni. Izi n'zofunika kuzidziwa ku Dowa ndi ku Ntchisi, komwe HIV si yofala ngati m'maboma a kummwera.

N'chifukwa chake mu 2019 bungwe la WHO lidalangiza kuti munthu asauzidwe kuti ali ndi HIV mpaka zipangizo zitatu zosiyana zitagwirizana, ndipo Unduna wa Zaumoyo udatengera njirayi. N'kovuta kuti zitatu zonse zinamizire munthu mmodzi.

Choncho mlangizi akati tiyezenso, musathamangire kukaloza chala amuna anu kapena akazi anu. Dikirani zotsatira zonse. Zikagwirizana, yambani ma ARV osazengereza.