Thumba la fetereza limadya matumba angati a chimanga?

Mwezi wa Okutobala ukafika, pa masitolo ogulitsa zipangizo zaulimi pamayamba kuchuluka anthu. Wina wagulitsa mbuzi, wina watapa chimanga m'nkhokwe, wina watenga katapira, onsewo akufuna thumba la fetereza. Koma ndi ochepa mwa ife achikumbe amene timayamba takhala pansi n'kuwerengera ngati thumbalo lidzabweze ndalama zake. Timangoti chimanga popanda fetereza sichibereka, basi nkhani yathera pomwepo. Izi n'zoona m'minda yambiri yoguga. Komabe mlimi akhoza kuthira fetereza, chimanga n'kubereka bwino, iye n'kuluza ndithu. Sabata ino tione m'mene munthu angawerengere yekha asanatulutse ndalama m'thumba.

Choyamba, musawerengere m'makwacha okha chifukwa kwacha sikhala malo amodzi. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Achikulire akukumbukiranso chaka cha 1994 pamene boma linasiya kuikira kwacha mtengo, mitengo ya katundu wochokera kunja n'kukwera kwambiri. Fetereza ndi katundu wochokera kunja, ndiye kwacha ikagwa iye amakwera msanga. Muyezo wosavuta ndi chimanga chimene mumalima. Tengani mtengo wa thumba la fetereza, muugawe ndi mtengo wa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Yankho lake ndilo matumba a chimanga amene feterezayo adzadye musanaone phindu lililonse.

Mtengo wa fetereza si wa pasitolo wokha ayi. Onjezanipo ya kabaza kapena ngolo yokafikitsa kunyumba. Ngati ndalamazo n'zangongole, onjezanipo chiwongoladzanja chonse kufikira tsiku lobweza. Onjezaniponso ganyu wothira, komanso masaka ndi mankhwala a nankafumbwe osungira chimanga choonjezekeracho. Walira mvula walira matope: zokolola zikachuluka, nazo ntchito yokolola, kututa ndi kutonola imachuluka.

Nanga mtengo wa chimanga titenge uti? Apa mpamene ambiri amadzinamiza. Amagula fetereza akuyang'ana mtengo wa mu Januwale, nthawi ya njala, koma chimanga chawo amadzagulitsa kwa mavenda mu Meyi kapena Juni pamene aliyense ali nacho ndipo mtengo uli pansi. Ngati mudzagulitse pongokolola kuti mubweze ngongole, werengerani mtengo wa nthawi yokolola. Koma ngati chimanga chanu chimatha Disembala asanafike ndipo mumakagula kumsika m'miyezi ya njala, thumba lililonse loonjezekera likukupulumutsani ku mtengo wokwerawo. Choncho kwa banja losowa chakudya fetereza amapindulitsa kuposa kwa munthu wolimira kugulitsa msanga.

Chachiwiri, dziwani chimene mukugula. Chimanga chimafuna kwambiri chakudya chotchedwa nayitirojeni, ndipo manambala olembedwa pathumba amakuuzani kuchuluka kwake. Urea ali ndi magawo 46 pa 100 alionse, kutanthauza kuti m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitirojeni. M'thumba la CAN muli makilogalamu pafupifupi 13. Fetereza wokulitsa, kaya ndi 23:21:0+4S kapena 23:10:5+6S+1Zn, ali ndi makilogalamu 11 ndi theka, koma iyeyu amabwera ndi zakudya zina monga fosifeti wothandiza mizu. Ndiye mukaona CAN akutsika mtengo pang'ono poyerekeza ndi Urea, musathamangire. Pa nkhani yobereketsa chimanga, thumba limodzi la Urea limagwira ntchito yoyandikira matumba awiri a CAN.

Chachitatu, werengerani chimanga choonjezekera chokha. Ngati munda wanu umakupatsani matumba 6 popanda fetereza ndipo mutathira mwakolola 14, fetereza wabweretsa matumba 8, osati 14. Njira yodziwira izi pamunda panu ndi kusiya mizere ingapo yosathira, n'kukolola payokha, n'kuyerekeza ndi mizere yothira yofanana nayo kutalika. Munda wa mnzanu sungakuuzeni zoona za munda wanu.

Tiyerekeze kuti thumba la Urea likugulidwa pa mtengo wa matumba 3 a chimanga, ndipo mukaphatikiza mayendedwe, chiwongoladzanja ndi ganyu likufika pa matumba 4. Manambala awa ndi ongoyerekezera, inu muikepo a kwanuko. Mlimi woyamba wabzala mbewu ya haibridi ndi mvula yoyamba, wapalira msanga, wathira Urea patatha masabata atatu kapena anayi n'kukwirira. Tinene kuti kilogalamu iliyonse ya nayitirojeni yamubweretsera makilogalamu 20 a chimanga. Ndiye kuti thumba lija lamupatsa makilogalamu 460, omwe ndi matumba 9 ndi kuposera pang'ono. Akachotsa 4 aja, atsala ndi 5. Mlimi wachiwiri wabzala mochedwa, munda uli ndi kaufiti, udzu wakula iye ali kuganyu, ndipo Urea wangomuika pamtunda osakwirira, mphamvu ina n'kuuluka. Kwa iyeyu tinene kuti kilogalamu iliyonse yabweretsa makilogalamu 10 okha, omwe ndi makilogalamu 230, osakwana matumba 5. Phindu lake silikukwana ngakhale thumba limodzi. Onse awiri anagula pa sitolo imodzi ndi pa mtengo umodzi, kusiyana kwabwera m'kasamalidwe ka munda.

Akatswiri a zachuma pa ulimi ali ndi lamulo limene amagwiritsa ntchito kwa alimi odalira mvula. Iwo amati fetereza azibweza kawiri ndalama zimene walowetsa. Ngati wadya matumba 4, abweretse osachepera 8. Chifukwa chake n'chakuti si chaka chilichonse chimene chimayenda bwino. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola mbewu m'maboma a chigawo cha kum'mwera. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi kamba ka ng'amba. Mbozi zachilendo zimene zinafalikira m'dziko muno cha m'ma 2017 zikuonongabe chimanga. Phindu la zaka zabwino ndilo limalipira zaka zoterezi, pakuti mwini ngongole safunsa za mvula.

Mfundo ina yofunika ndi yakuti matumba a fetereza sabweza mofanana. Tiyerekezenso pa ekala imodzi yomweyo, thumba loyamba labweretsa matumba 9 a chimanga, lachiwiri laonjezera 6, lachitatu laonjezera 3. Mukaphatikiza mupeza matumba 18 pa mtengo wa matumba 12, ndipo mudzati mwapindula 6. Koma mukanalekera pa matumba awiri mukanapeza 15 pa mtengo wa 8, phindu n'kukhala 7. Thumba lachitatu lija lachulukitsa chimanga m'nkhokwe koma lachepetsa phindu lanu. N'chifukwa chake funso loti mudzifunse nthawi zonse ndi lokhudza thumba lotsatira: kodi ili lokha libweza mtengo wake? Mulingo umene alangizi akhala akuphunzitsa kwa zaka zambiri, wa matumba 2 a wokulitsa ndi 3 a Urea pa hekitala, umapereka makilogalamu 92 a nayitirojeni. Ndi mulingo wabwino wokweza zokolola, koma mtengo wa fetereza ukakwera kwambiri poyerekeza ndi wa chimanga, mulingo wopindulitsa umatsika.

Chimodzimodzinso ndi fetereza wotsika mtengo. Kuyambira pa Starter Pack mu 1998, makuponi a FISP mu 2005 ndi AIP mu 2020, alimi ambiri alandirapo thandizo la boma. Thumba lotere limabweza mosavuta popeza gawo lalikulu la mtengo wake lalipiridwa kale. Koma thumba limene mukaonjezere ndi ndalama zanu muliwerengere palokha pa mtengo wa pasitolo.

Pomaliza, dzifunseni kuti ndalama yomweyo ikanagwira ntchito yanji kwina. Mwina ikanagula mbewu yabwino m'malo mobzala yobwereza. Mwina ikanalipira aganyu opalira m'masabata asanu ndi limodzi oyambirira, nthawi imene udzu umalanda chakudya cha chimanga kwambiri. Mwina ikanagula mbewu ya soya, mtedza kapena nandolo yobzala mbali ina ya munda, pakuti mbewu zimenezi zimadzipangira nayitirojeni kuchokera mumpweya ndipo masangwi ake akakwiriridwa amathandiza chimanga cha chaka chamawa. Mbuzi yaikazi imene mwagulitsa ikanakuberekerani. Chimanga chimene mwatapa m'nkhokwe mu Okutobala mudzachigulanso mu Febuluwale pa mtengo wokwera. Zonsezi ndi mtengo wa thumba lija ngakhale sizilembedwa pa lisiti.

Sitikunena kuti musiye fetereza ayi. Pa munda wosamalidwa bwino, wothira manyowa ndi wopalira pa nthawi yake, fetereza amabweza ndalama zake. Ndi bwinonso kumuthira kawiri, wokulitsa kenako wobereketsa, kuti mvula ikadula muthe kusunga thumba lachiwirilo pouma m'malo molitaya m'nthaka youma. Chofunika n'chakuti musanapite kusitolo, tengani kope la mwana wasukulu, mukhale pansi ndi akunyumba kwanu, mulembe zinthu zitatu: matumba a chimanga amene thumba la fetereza lidye, matumba amene mukuyembekeza kuti lionjezere, ndi chimene mugulitse kapena kukongola kuti mulipeze. Pokolola mudzalembenso zimene mwapezadi. Mukatero zaka ziwiri kapena zitatu, mudzadziwa mulingo woyenera munda wanu. Pamene pakuvutani pa mawerengedwewa, kafunseni mlangizi wa m'dera lanu.