Kapepala kachikasu kochenjeza kuti galimoto ingagubuduzike: kamatanthauza chiyani?

Ku America, mukalowa m'galimoto zambiri zazitali zija amazitcha SUV, pa chotchinga dzuwa chomwe chili pamwamba pa dalaivala mumapeza kapepala komata ka mtundu wachikasu ndi wakuda. Pali chithunzi cha galimoto itapendekeka, matayala awiri ali m'malere, ndi china cha munthu atamanga lamba. Mawu ake ndi ochepa: galimoto iyi ndi yosavuta kugubuduzika, pewani kukhota mwadzidzidzi ndi kuthamanga kwambiri, mangani lamba nthawi zonse. Lero ndikufuna tione kuti kapepalaka kanachokera kuti, komanso sayansi yomwe ili kuseri kwake. Ndipo sayansiyo si yachilendo ayi, ndi ija ya centre of gravity yomwe mumaphunzira mu Physics.

Tiyambe ndi njerwa. Igonekeni chafufumimba, kenako ikankheni pamwamba ndi chala. Ingoseseleka basi. Tsopano iimikeni choongoka n'kuikankhanso. Yagwa, eti? Njerwa ndi yomweyo, kulemera kwake sikunasinthe. Chasintha ndi zinthu ziwiri: kufutukuka kwa pansi pomwe yakhazikika, ndi kutalika kwa malo omwe kulemera kwake konse kumakhala ngati kwasonkhanapo, omwe ndi centre of gravity. Chinthu chimagwa pamene mzere wochoka pa centre of gravity kulunjika pansi wadutsa kunja kwa malo omwe chinthucho chaimapo.

Galimoto nayo ndi njerwa, kungoti ili ndi matayala. Akatswiri a bungwe la boma la America loona za chitetezo cha pamsewu, la NHTSA, amagwiritsa ntchito samu yaifupi kwambiri yotchedwa Static Stability Factor, mwachidule SSF. Amayeza mtunda wochoka pa tayala lakumanzere kufika pa lakumanja, womwe timautcha T. Amayezanso kutalika kwa centre of gravity kuchoka pansi, komwe ndi H. Ndiye SSF = T ÷ 2H. Nambala ikakula, galimotoyo ndi yokhazikika. Ikachepa, chenjerani.

Tiyeni tiyese ndi manambala ongoyerekeza. Galimoto yaing'ono ya T wa mamita 1.5 ndi H wa mamita 0.55 ili ndi SSF ya 1.5 ÷ 1.1, yomwe ndi 1.36. Ina yaitali ya T yemweyo koma H wa mamita 0.7 ili ndi 1.5 ÷ 1.4, yomwe ndi 1.07. Kusiyana kwa H ndi masentimita 15 okha, theka la rula yanu ija, koma taonani mmene nambala yatsikira. Pa galimoto zenizeni, zing'onozing'ono zambiri zimapezeka pakati pa 1.3 ndi 1.5, pamene ma SUV ndi mapikapu ambiri amakhala pakati pa 1.0 ndi 1.3.

Nanga chimakankha galimoto ngati chala chija n'chiyani? Galimoto ikamakhota, matayala amagwira msewu n'kuikokera mkati mwa kona, koma thupi lake limafuna kupitirira molunjika. Choncho pansi pakukokedwera mkati, pamwamba pakutsalira kunja, ndipo galimoto imayedzamira pa matayala akunja. Mphamvu imeneyi imayenda ndi liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo, kugawa ndi kukula kwa kona. Apa m'pamene ambiri amapusira. Kona yomwe mwaidutsa pa makilomita 40 pa ola, mukaidutsa pa 80 mphamvu ija sikhala kawiri, imakhala kanayi.

Komabe pa phula losalala galimoto zambiri zimayamba zaseseleka zisanafike pogubuduzika. NHTSA inapeza kuti pa galimoto 100 zilizonse zogubuduzika pazokha, pafupifupi 95 zimachita kupunthwa. Galimoto imayamba kutsetsereka cham'mbali, kenako tayala limakodwa pa mwala, pa ngalande kapena m'dothi lofewa, pansi n'kuima pamwamba n'kupitirira. Zili ngati munthu wothamanga amene wina wamutchera mwendo. Mukaganizira mmene phula la misewu yathu yambiri linadyekera m'mbali, n'kusiya kaphompho pakati pa phula ndi dothi, muona kuti zotcherera mwendo sizisowa.

Chifukwa chomwe Amereka anaivutikira nkhaniyi ndi ichi: ngozi zogubuduzika ndi zochepa, ziwiri kapena zitatu pa ngozi 100, koma kwa zaka zambiri zinkapha pafupifupi munthu m'modzi mwa atatu alionse omwe amafera m'galimoto. Ambiri mwa iwo amakhala oti sanamange lamba ndipo anaponyedwa kunja. N'chifukwa chake kapepala kaja kali ndi chithunzi chachiwiri chija.

Lamulo loyamba lokakamiza chenjezo pa galimoto zoterezi linabwera mu 1984, koma chenjezolo linali mawu okhaokha ambirimbiri. Mu 1999 m'pamene analisintha n'kuikapo zithunzi ndi mitundu yowala. Pakati apo panachitika zambiri. Mu 1988 magazini ya Consumer Reports inalemba kuti Suzuki Samurai ndi yosavomerezeka chifukwa inkanyamuka matayala pa mayeso awo. Malonda ake anagwa, kampani ya Suzuki inakasuma kukhoti, ndipo mlanduwo unatha mu 2004 mbali ziwirizo zitagwirizana. Ku Sweden, mu 1997, atolankhani a magazini ya Teknikens Värld anagubuduza Mercedes A-Class yatsopano pa mayeso oyerekeza kuzemba chinyama chomwe chatulukira mumsewu. Kampaniyo inaimitsa kaye malonda mpaka itakonza galimotoyo. Kenako mu 2000 kampani ya Firestone inaitanitsa matayala 6.5 miliyoni atapezeka kuti ankasupuka, ndipo ma Ford Explorer ambiri omwe anali ndi matayalawo anagubuduzika, anthu n'kufa.

Zitatero, chenjezo lokha silinakwanenso. Kuyambira ndi galimoto za 2001, NHTSA inayamba kupereka nyenyezi potengera SSF. Nyenyezi zisanu zikutanthauza kuti galimotoyo ikachita ngozi payokha, mwayi woti igubuduzike sudutsa 10 peresenti. Zinayi ndi pakati pa 10 ndi 20, zitatu 20 mpaka 30, ziwiri 30 mpaka 40, ndipo imodzi ndi kupitirira 40. Kuyambira ndi galimoto za 2004 anawonjezera mayeso a pamsewu, pomwe makina amapotokola chiwongolero mbali imodzi kenako mwadzidzidzi mbali inayo, kuti aone ngati matayala awiri anyamuke. Ndipo kuyambira mu September 2007, nyenyezizi zimasindikizidwa pa chipepala cha mtengo chomwe chimamatidwa pa windo la galimoto yatsopano iliyonse, kuti wogula aone mtengo ndi chitetezo pamalo amodzi.

Ineyo maganizo anga ndi oti nyenyezi zinathandiza kuposa kapepala kachikasu. Kapepala ka pa chotchinga dzuwa mumakaona mutagula kale galimoto, ndalama zapita. Nyenyezi mumaziona musanalipire, ndiye zimaopsa wopanga galimoto, yemwe safuna kuti yake ikhale ndi ziwiri ya mnzake ili ndi zinayi. Opanga ambiri anayamba kufutukula ma SUV awo ndi kuwatsitsa. Chinanso chomwe chinapulumutsa anthu si pepala konse, koma kakompyuta kotchedwa ESC, komwe kakazindikira kuti galimoto yayamba kutsetsereka kamamanga buleki pa tayala limodzi lokha kuti iwongoke. Ku America ESC inakhala lamulo pa galimoto zing'onozing'ono zonse zatsopano kuyambira ndi za 2012.

Koma pali chinthu chomwe nyenyezi sizinena, ndipo ichi chikukhudza inu amene mumakwera minibasi kapena matola popita kusukulu. SSF imayezedwa galimoto isanadzaze. T sasintha, koma H amasintha ndi chilichonse chomwe mwakweza.

Tiyerekezenso. Tenga minibasi yolemera makilogalamu 2,000, T wa mamita 1.5, H wa mamita 0.8. SSF yake ndi 1.5 ÷ 1.6, pafupifupi 0.94. Tsopano kondakitala wakweza matumba asanu ndi limodzi a chimanga padenga, makilogalamu 300, pa msinkhu wa mamita 2.1. H watsopano timamupeza motere: 2,000 × 0.8 ndi 1,600. 300 × 2.1 ndi 630. Kuphatikiza ndi 2,230. Kugawa ndi kulemera konse, 2,300, tipeza 0.97. SSF yatsika kufika pa 1.5 ÷ 1.94, yomwe ndi 0.77. Matumba omwewo akanaikidwa pansi pa mipando, pa msinkhu wa mamita 0.6, H akanatsika pang'ono kufika pa 0.77 ndipo SSF ikanakwera kufika pa 0.97. Katundu yemweyo, galimoto yomweyo, kusiyana malo okha.

N'chimodzimodzi ndi anthu oimirira kumbuyo kwa pikapu kapena lole popita ku mpira kapena ku maliro. Munthu akaimirira centre of gravity yake imakwera, ndipo pa kona onse amayedzamira mbali imodzi, mbali yolakwikayo. Thanki ya madzi yosadzaza ndi yoipa kuposa apa, chifukwa madzi amakhuthukira kunja kwa kona pa nthawi yeniyeni yomwe simukuwafuna kumeneko.

Galimoto zambiri za kuno zinabwera zogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan, ndiye chipepala cha nyenyezi za ku America simuchipeza, ndipo machenjezo omwe alimo nthawi zambiri ndi a m'Chijapanizi. Samu ija ndiye imagwira paliponse. T mungamuyeze ndi tepi pa galimoto yoimikidwa, mwini wake atalola. H ndi wovutirapo, amafuna sikelo ndi kupendeketsa galimoto, koma m'kalasi mungayese ndi katoni: matani mwala pansi pake, iikeni pa thabwa lokhakhala, kwezani mbali imodzi ya thabwalo pang'onopang'ono, n'kulemba ngodya yomwe katoniyo yagwera. Kenako matani mwalawo pamwamba n'kubwereza. Tangent ya ngodya imeneyo ndiyo SSF ya katoni yanu.