KAKONZEDWE KA NKHOPE YA KOMPYUTA

Ku Chibavi, limodzi la madera okhala anthu ambiri mu mzinda wa Mzuzu, kompyuta sichinthu chachilendonso ai. Iri m'timasitolo tolemba makalata ndi kusindikiza mapepala, iri m'masukulu, ndipo aphunzitsi ena pamodzi ndi ophunzira a ku Mzuzu University, imene inatsegulidwa ku Luwinga m'chaka cha 1999, ali ndi malaputopu ao m'nyumba. Kumidzi nakonso makinawa ayamba kufika. Kuyambira m'chaka cha 2016 bungwe la Centre for Youth and Development la ku Mzuzu komweko, mothandizana ndi The Turing Trust ya ku Scotland, lapereka makompyuta ku masukulu ambiri a m'Chigawo cha Kumpoto.

Ambiri a makompyuta otere amafanana pa zinthu ziwiri. Anagwirapo kale nchito kunja, kotero mphamvu yao njochepa. Ndiponso kompyuta imodzi imagwiridwa ndi manja ambiri. Chifukwa chache kukonza zimene zimaoneka pa galasi lache si nkhani ya kukometsa kokha. Kompyuta yosakonzedwa bwino imadya ndalama za bandulo, imataya makalata, ndipo imaulula zinsinsi za munthu kwa wobwera pambuyo pache.

TEBULO LA PA GALASI

Munthu akayatsa kompyuta, malo oyamba kuoneka amawatcha desktop, ndiko kunena pamwamba pa tebulo. Akatswiri a ku America anafuna kuti kalaliki wa mu ofesi aone pa galasi zinthu zimene adazizolowera: mapepala, mafailo, ndi dengu lotayamo zinyalala. Makina a Xerox Star a 1981 ndi Macintosh ya 1984 ali m'gulu la oyamba kugulitsidwa ali ndi maonekedwe amenewa, ndipo Windows 95 inaonjezapo batani la Start ndi mzere wa m'munsi umene anthu auzolowera lero.

Chithunzi cha kumbuyo ndicho anthu amathamangira kusintha. Achikulire akumbukira chija cha phiri lobiriwira ndi mitambo, chimene chinabwera ndi Windows XP m'chaka cha 2001. Wosadziwa akhoza kulumbira kuti ndi ku Nyika nthawi ya dzinja, koma anachijambula Charles O'Rear ku California. Wofuna kuikapo chithunzi chache, kaya cha nyanja ku Nkhata Bay kaya cha ana a sukulu yache, achitsegule m'foda imene chiri, adine batani la kudzanja lamanja la mausi pa chithunzicho, ndi kusankha mau akuti Set as desktop background. Njira imeneyi imagwira ngakhale pa makompyuta aja amene m'ngodya ya galasi mumaoneka mau akuti Activate Windows, pamene njira zina zosinthira maonekedwe ziri zotsekedwa.

Komabe chithunzi chodzaza ndi maluwa ndi nkhope zambiri chimabisa maina a mafailo. Pa kompyuta ya sukulu mtundu umodzi wosalala, umene umapezeka pa Personalize, ndiwo wabwino koposa, ngakhale anyamata sangaukonde. Palinso nchito ina ya Windows Spotlight imene imasintha zithunzi yokha masiku ndi masiku. Zithunzizo nzokongola ndithu, koma zimachokera pa intaneti, ndipo wolipira ndi mwini bandulo.

Bvuto lalikulu liri pa kuunjika. Pa makompyuta ambiri a m'masitolo galasi lonse ladzala ndi makalata ofunsira nchito, mayeso a Fomu 2, zithunzi za ukwati ndi nyimbo, zonse pamodzi monga chimanga, mtedza ndi nyemba m'thumba limodzi. Mankhwala ache ngapafupi. Munthu adine batani la kudzanja lamanja pa malo opanda kanthu, asankhe New, kenaka Folder, alembe dzina lomveka monga Mayeso 2025 kapena Makalata a Komiti, ndipo akokeremo zonse za mtundu umenewo. Mafoda asanu kapena asanu ndi limodzi akwanira mphunzitsi.

Pali zinthu ziwiri zimene zalizitsa anthu pamenepa. Choyamba, zonse za pa desktop zimakhala m'chigawo chomwecho cha diski mmene mukhala Windows, chimene amachitcha C. Kompyuta ikadwala, mmisiri nkuifufuta kuti aikemo Windows yatsopano, zonsezo zimapita pamodzi. Foda ya Documents nayonso iri momwemo. Tsono chinthu chimene munthu sangafune kuchilembanso kachiwiri achisungenso pa fulashi kapena m'chigawo china cha diski ngati chiripo. Chachiwiri, chizindikiro chokhala ndi kamubvi kakang'ono m'munsi mwache si failo yeniyeni ai, koma chikwangwani cholozera kumene failoyo iri. Mphunzitsi wokopera chikwangwanicho pa fulashi, nakwera minibasi kukasindikiza mayeso m'tauni, adzafika kumeneko ali chimanjamanja.

ZA MASO

Aphunzitsi akuluakulu ambiri amadandaula kuti malemba a pa kompyuta ngang'onoang'ono, ndipo ena amaleka kuigwira poganiza kuti afunika magalasi atsopano. Kawirikawiri chofunika nkukuza malembawo. Pa Display settings pali malo olembedwa Scale. Kusankha 125% kapena 150% kumakuza zonse popanda kuononga maonekedwe. Pomwepo palinso Night light, imene imafiiritsa kuwala pang'ono kuti kusalase m'maso usiku. Ena amakhulupirira kuti kudetsa maonekedwe onse kumasunga batire. Pa malaputopu akale amene afala kuno phindu lache nlochepa zedi, pakuti nyali ya kuseri kwa galasi imayakabe. Chimene chimathandiza magetsi a ESCOM akazima ndicho kuchepetsa kuwala kwa galasilo.

Ogula makina a Windows 11, imene inaturuka m'chaka cha 2021, amadabwa kupeza batani la Start liri pakati. Likhoza kubwezedwa kumanzere pa Taskbar settings, ndipo m'kalasi mmene muli makina osakanikirana ndi bwino kutero, kuti ana onse ayang'ane malo amodzi mphunzitsi akamalankhula.

MATABU

Pulogiramu yotsegulira masamba a pa intaneti amaitcha browser. Zodziwika kuno ndi Firefox ya 2004, Chrome ya 2008 ndi Edge ya 2015. Pamwamba pa iriyonse pamakhala timakutu tolembedwa maina, monga tija ta pa mafailo a ku ofesi ya Boma, ndipo kakhutu kalikonse ndi tsamba limodzi lotseguka. Amenewa ndiwo matabu. Kudina Ctrl ndi T pamodzi kumatsegula yatsopano, Ctrl ndi W kumatseka. Wotseka tabu mwangozi asagwire mutu ai: Ctrl, Shift ndi T pamodzi zimaibweza. Malemba a tsamba akachepa, Ctrl ndi chizindikiro cha + zimawakuza, ndipo Ctrl ndi 0 zimawabwezera mwakale.

Tabu iriyonse yotseguka imatenga gawo lache la RAM, malo amene kompyuta imagwiriramo nchito ya nthawi yomweyo. Makina akale ambiri ali ndi 4GB basi. Pofika matabu makumi awiri kompyuta imayamba kukwawa ngati nkhono, ndipo mwini wache amati yagwidwa ndi vairasi, pamene yangolemedwa ndi katundu. Choipa china nchakuti masamba ena, makamaka a nkhani, a mpira ndi a mavidiyo, sagona ngakhale munthu sakuwayang'ana. Amakoka zithunzi ndi malonda atsopano mwakachetechete, ndipo bandulo ya Airtel kapena TNM imene inayenera kufika Loweruka imatha Lachitatu. Tabu imene ikuimba imadziwika ndi kachizindikiro ka sipika pambali pa dzina lache.

Opanga mapulogiramuwa anachiona chimenechi. Edge inayamba kugoneka matabu osagwiritsidwa nchito m'chaka cha 2021, ndipo Chrome iri ndi Memory Saver pa Settings, pansi pa Performance. Nkoyenera kuziyatsa. Koma mankhwala eni eni ndiwo kutseka. Anthu amasiya matabu otseguka poopa kuti sadzalipezanso tsambalo, ndipo mantha amenewa amatha akadziwa nchito ya kanyenyezi ka kumapeto kwa mzere wa adiresi. Kudina kanyenyeziko, kapena Ctrl ndi D, kumalemba tsambalo m'kaundula wa browser, ndipo tsamba lolembedwa m'kaundula silidya RAM kapena bandulo kufikira atalitsegulanso.

Masamba awiri kapena atatu ofunika tsiku ndi tsiku akhoza kukhomedwa. Munthu adine batani la kudzanja lamanja pa tabu, asankhe Pin. Tabuyo imachepa nkukakhala kumanzere kwenikweni, kumene dzanja silingaitseke mwangozi. Mphunzitsi wamkulu angakhome tsamba la MANEB pa nyengo ya mayeso. Wa sitolo angakhome la MRA. Kuyambira m'chaka cha 2020 Chrome imalolanso kumanga matabu m'mitolo, mtolo uliwonse ndi dzina ndi mtundu wache, ndipo Firefox inatsatira m'chaka cha 2025. Wokonza phunziro la Biology ndi la Geography tsiku limodzi aike obiriwira uku, achikasu uko. Angasungenso m'kaundula tsamba la Google Translate, limene linalandira Chichewa m'chaka cha 2014 ndi Chitumbuka m'chaka cha 2024, ngakhale kumasulira kwache kufunika kukuyang'anitsitsa asanakupereke kwa ana.

Ogwiritsa nchito Edge ayang'anenso tsamba limene limabwera potsegula tabu yatsopano. Limadza ndi nkhani za kunja, zithunzi za anthu otchuka ndi za nyengo, zonse zokokedwa pa intaneti popanda wozipempha. Kachizindikiro ka giya kali pamwamba pa tsambalo kamalola kuzimitsa zimenezi. Amene amalumikiza kompyuta ku foni auzenso Windows kuti intaneti yao njogula moyeza, poyatsa Metered connection pa zokonzera za Wi-Fi. Akatero Windows imachepetsa zokoka zache. Zokonza za chitetezo nzofunikabe, koma azikoke tsiku limene apeza intaneti yokwanira.

CHIKOMEKOME CHA NKUYU

Pofuna kukometsa, achinyamata amakoka pa intaneti timapulogiramu tolonjeza zithunzi zoyenda, timibvi ta mausi tonyezimira, kapena tabu yatsopano ya timu ya mpira imene amaikonda. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Tambiri mwa timeneti timasintha malo ofufuzira, timadzaza galasi ndi malonda, ndipo tina timawerenga zonse zimene munthu alemba m'masamba. Chizindikiro chache ndi ichi: browser ikutsegula tsamba lachilendo limene palibe analisankha. Zikatero munthu apite pa Extensions nachotse chirichonse chimene sakuchidziwa.

Masamba ena amafunsa chilolezo chotumiza mauthenga, ndipo wofulumira amadina Allow kuti funsolo lichoke. Pambuyo pache m'ngodya ya galasi mumayamba kuturuka machenjezo abodza akuti kompyuta iri ndi mavairasi, dinani apa. Yankho loyenera pa funso lotere ndi Block. Kusamala kumeneku kwakula tsopano, popeza Microsoft inaleka kusamalira Windows 7 mu January 2020, ndipo pa 14 October 2025 inalekanso kutumiza zokonza za Windows 10 kupatula kwa olembetsa mwapadera. Makina ambiri a m'masukulu ndi m'masitolo ali m'magulu awiri amenewa.

KOMPYUTA YA ANTHU AMBIRI

Pa Settings ya Chrome, pa mau akuti On startup, pali chosankha chakuti Continue where you left off, chimene chimatsegulanso matabu onse a dzulo. Kwa munthu wokhala ndi laputopu yacheyache, m'dera limene magetsi amazima mosalaira, chimenechi nchothandiza, ngakhale zimene anali kulemba pa fomu kawirikawiri sizibwerera. Koma pa kompyuta ya m'sitolo kapena ya m'chipinda cha aphunzitsi ndi msampha. Wobwera m'mawa amapeza makalata a mnzache ali yasa, Facebook yache iri yotsegula, mwinanso ndi fomu yofunsira malo ku yunivesite kudzera ku NCHE.

Pa sukulu njira yabwino ndiyo kupatsa mphunzitsi aliyense akaunti yache ya Windows ndi mau ache achinsinsi, pa Settings pansi pa Accounts. Pamenepo aliyense amakhala ndi desktop yache, chithunzi chache ndi matabu ache, ndipo mkangano wakuti ndani wachotsa failo ya wina umachepa. Akaunti yokhala ndi mphamvu yoika mapulogiramu ikhale m'manja mwa munthu mmodzi woyang'anira. Ana asukulu apatsidwe wamba. Woturuka pang'ono kukamwa tiyi adine batani la Windows pamodzi ndi L, ndipo galasi lidzatsekeka kufikira abwere.

Wobwereka kompyuta ya m'sitolo atsegule zenera lachinsinsi, podina Ctrl, Shift ndi N pa Chrome ndi Edge, kapena Ctrl, Shift ndi P pa Firefox. Akalitseka, browser siikumbukira masamba amene anatsegula kapena maakaunti amene analowa. Koma asalikhulupirire kopitirira: mafailo amene anakoka amatsala m'foda ya Downloads, ndipo mwini intaneti akhoza kudziwabe masamba amene anachezeredwa. Chitupa kapena satifiketi imene anaisindikiza aifufute m'fodamo ndi m'dengu la Recycle Bin asanalipire ndi kunyamuka. Browser ikafunsa ngati isunge mau achinsinsi, pa makina a eni yankho ndi kukana.

Wopeza akaunti ya mnzache iri yotsegula aitseke osawerenga. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa m'chaka cha 2016, limati kulowa m'zosungidwa za pa kompyuta popanda chilolezo ndi mlandu.