Bwanji madzi amachedwa kutentha pa mbaula?

M'mawa ndikamapita kukaphunzitsa kuno ku Ndirande, ndimadutsa mbaula zambiri zitayaka, madzi a tiyi ali pamoto. Mwina munaonapo kuti poto amatentha msanga, koma madziwo amachedwa. Nkhani yagona pa specific heat capacity, yomwe ndi mphamvu yofunika kuti kilogalamu imodzi ya chinthu itenthe ndi 1°C.

Madzi amafuna ma joule 4,200, pomwe aluminiyamu wa potoyo amafuna pafupifupi 900 basi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mphamvu = mass × specific heat capacity × kusintha kwa temperature. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Kuitenthetsa kuchoka pa 25°C kufika pa 95°C: 1 × 4,200 × 70 = ma joule 294,000. Mukadzadza malita atatu pomwe akumwa tiyi ndi anthu awiri, pafunika 882,000. Mphamvu yonseyo ikuchokera m'makala.

Makala ndi ndalama, komanso ndi mitengo. Taonani momwe phiri lathu la Ndirande linayerera. Ndiye thirani madzi okwanira basi, poto muvindikire. Ndipo pa mayeso a MSCE, chonde musaiwale kulemba J/kg°C.