Switchi Yobisika ndi Mawaya Olumikiza Mwachisawawa pa Galimoto za M'tchire

Switchi yobisika ndi kachipangizo kamene mwini galimoto amaika pamalo osaoneka n'cholinga choti wakuba alephere kuliza injini. Imadula waya umodzi wofunika: wa pampu ya petulo, wa sitata, kapena wa kavalavu kotsegula dizilo pa pampu ya injini zakale monga 1HZ ya Land Cruiser. Ena amaibisa kunsi kwa mpando, ena kuseri kwa dashibodi, ena amasandutsa batani la nyali kapena choyatsira fodya kukhala switchiyo.

Ku Bulangililo ndi m'makomboni ena a Kitwe, galimoto zolimba ngati Hilux, Prado, Pajero ndi Land Cruiser zimafunidwa kwambiri chifukwa cha misewu ya m'midzi ya ku Lufwanyama ndi Mpongwe, imene nthawi ya dzinja imakhala matope okhaokha. Zambiri zimagulidwa zitayenda kale. Zina zimachokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Nakonde, zina ku South Africa, ndipo zina zinagwirapo ntchito ku migodi. Akuba nawonso amazikonda, n'chifukwa chake eni ake amazitchinjiriza ndi ma switchi, ma alamu ndi zipangizo za GPS zotha kuzimitsa injini munthu ali kutali.

Vuto limayamba galimoto ikasintha manja. Wogulitsa amapereka makiyi ndi mapepala, koma za switchi amaiwala, kapena iyenso sanauzidwe ndi amene anamugulitsa. Mwana akagunda kabatani posewera, kapena wotsuka galimoto akakankha mpando, injini imangokana kulira. Mtundu wina wa switchi, wofala pa galimoto zochokera ku South Africa, umalola injini kulira koma n'kuizimitsa pakapita kanthawi ngati dalaivala sanadine batani lobisika. Mwini watsopano amathamangira ku msika wa Chisokone kukagula pampu, sitata kapena batire, koma vuto silisuntha chifukwa zonsezo zinali zabwinobwino.

Zizindikiro zimalozera kumene waya unadulidwa. Ngati nyali za pa dashibodi zikuyaka koma sitata ili zii, chodula chili pa waya wa sitata. Ngati sitata ikuzungulira mwamphamvu koma injini osagwira, mafuta kapena moto wa mapulagi ndi umene watsekedwa. Pa galimoto zambiri za petulo, pampu imamveka kung'ung'udza kwa masekondi pafupifupi 2 kiyi akangotembenuzidwa. Pa ya dizilo yakale, kavalavu kamalira kuti "tha". Phokosoli likasowa, makaniko wodziwa ntchito amayamba kufufuza mawaya asanamasule chitsulo chilichonse.

Nthawi zambiri switchi payokha siipa. Choipa ndi mmene inalumikizidwira. Makaniko akavundukula pulasitiki ya kunsi kwa chiwongolero, zimene zimapezeka n'zomvetsa chisoni: waya wa fakitale wosendedwa ndi mpeni, wina wopotedwa pamenepo ndi zala, pamwamba atakulunga tepi imene inamatuka ndi kutentha. Mkuwa wake umakhala utachita dzimbiri lobiriwira. Pa tala mfundo yotereyi imapirira, koma pa msewu wa mabampu imagwedera, magetsi n'kumadukaduka. Injini ikazima pa liwiro, chiwongolero chimalimba ndipo mabuleki amataya mphamvu akapondedwa kangapo. Pa msewu wa Kitwe kupita ku Ndola, pakati pa malole akuluakulu, imeneyo ndi ngozi ya moyo.

Galimoto za m'tchire zimavutika kuposa zina chifukwa mwini aliyense amawonjezerapo chake: nyali zowala kwambiri, winchi, furiji, batire lachiwiri, wailesi. Zochokera ku migodi zimabwera ndi mawaya otsala a nyali ya padenga ndi wailesi yolankhulirana, odulidwa n'kungosiyidwa lendelende ali ndi moto. Choopsa koposa ndi waya wochoka ku batire wopanda fyuzi, wodutsa pa bowo la chitsulo popanda kamphira kotchinga. Chitsulo chimaucheka pang'onopang'ono mpaka kuchita shoti, ndipo waya umafiira n'kuyatsa kapeti. Chimodzimodzi fyuzi yopsa ikalowedwa m'malo ndi kawaya kapena pepala lonyezimira, kapena ya 10 amp ikasinthidwa ndi ya 30: chimene chimapsa tsopano ndi mtolo wonse wa mawaya.

Palinso msampha wina umene ambiri saudziwa. Ma Land Cruiser ena akale a dizilo ndi Nissan Safari ochokera ku Japan amayendera 24 volts, mabatire awiri olumikizana. Wosadziwa amakoka 12 volts ya wailesi pa batire limodzi, lomwe limatha msanga pamene linzake likudzazidwa mopyola muyezo, mpaka onse awiri kufa.

Wogula asanapereke ndalama ayenera kufunsa mwachindunji ngati pali switchi, alamu kapena GPS, ndiponso ngati chipangizocho chinaikidwa ndi wobwereketsa ndalama amene angathe kuzimitsa galimotoyo. Setifiketi ya bungwe loona za pamsewu la RTSA imasonyeza kuti galimoto ndi yoyenera pa msewu, koma si umboni woti mawaya a kuseri kwa dashibodi ali bwino. Kuyang'ana mawayawo ndi ntchito ya makaniko wa zamagetsi wokhala ndi mita ndi chithunzi cha mawaya cha mtundu wa galimotoyo. Batire lodzaza limawerenga pafupifupi 12.6 volts, ndipo injini ikamalira limafika pakati pa 13.8 ndi 14.4. Galimoto itazimitsidwa, magetsi otuluka sayenera kupyola pafupifupi 50 milliamp. Akapyola, pali chimene chikudya batire usiku. Pa mawaya, mapulagi achikasu ndi a airbag, ndipo sayenera kugwidwa ndi nyali yoyesera.

Pokonza, waya aliyense wachilendo amatsatidwa mpaka kumene wathera, wosafunika amachotsedwa, ndipo wa fakitale amalumikizidwanso ndi mtovu kapena chopanira, n'kuvekedwa kachubu kofota ndi moto. Switchi yatsopano ikafunika, iziyendetsa rilei m'malo monyamula yokha magetsi onse a pampu, fyuzi ikhale pafupi ndi batire, ndipo malo ake alembedwe papepala losungidwa kunyumba limodzi ndi mapepala a galimoto.