Makina ochapa ndi kuumitsa zovala: chofunika ndi nambala yachiwiri

Dzinja likafika, kapena chiperoni chikakuta mzinda wa Blantyre m'miyezi ya June ndi July, yunifolomu ya mwana imatha kugona pachingwe masiku awiri osauma. N'chifukwa chake anthu ena a m'tauni amasirira makina omwe amachapa zovala n'kuziumitsa mumgolo womwewo. Makinawa ndi odula, ndipo wowagula asanamvetse kagwiridwe kake ka ntchito amakhumudwa akatsegula chitseko patatha maola asanu n'kupeza zovala zidakali za chinyezi.

Makina oterewa si achilendo. Kampani ya Bendix ya ku America idayamba kugulitsa otchedwa Duomatic mu 1953. Masiku ano ndi ofala ku Ulaya ndi kum'mawa kwa Asia, komwe anthu ambiri amakhala m'nyumba zosanjikizana zopanda bwalo loyanikira kapena malo oika makina awiri.

Ntchito youmitsa imayamba ndi kufinya. Makina akamaliza kutsukuluza, mgolo umazungulira mwaliwiro, nthawi zambiri ka 1,200 kapena 1,400 pa mphindi, ndipo madzi amatulukira m'timabowo ta mgolowo. Ngakhale atafinya chotere, zovala za thonje zimatsalabe ndi madzi olemera pafupifupi theka la kulemera kwake zikakhala zouma. Zovala za makilogalamu 5 zimakhala zikusunga malita awiri ndi theka, ndipo madzi amenewa sangachoke popanda kutentha.

Apa waya wotenthetsa, wofanana ndi wa m'ketulo yamagetsi, amatenthetsa mpweya ndipo fani imaukankhira mumgolo. Mgolowo umatembenuka pang'onopang'ono kuti zovala zizikwera ndi kugwa, mpweya wotenthawo n'kumadutsa pakati pake ukutenga chinyezi.

Makina ambiri a mtunduwu alibe paipi yotayira mpweya kunja kwa nyumba. Mpweya wachinyezi uja umalowa m'kanjira komwe madzi ozizira a pampopi amayenderera. Nthunzi ikakumana ndi kuzizirako imasanduka madzi, pampu n'kuwatayira kupaipi ya madzi oipa, pomwe mpweyawo umabwerera kukatenthetsedwanso. Amene adaonapo katchezedwe ka kachasu sangadabwe nazo, pakuti kumeneko nakonso nthunzi imadutsa mumpope womizidwa m'madzi ozizira kuti igwe ngati madontho.

Tanthauzo lake n'lakuti makinawa amamwa madzi ngakhale pamene akuumitsa. Mpopi ukauma ntchito ili mkati, nthunzi imasowa poziziritsira ndipo zovala siziuma bwino. M'madera momwe madzi amabwera modukizadukiza, wogula ayenera kuiganizira mfundo imeneyi asanatulutse ndalama.

Pamakina ambiri otere pamalembedwa manambala awiri, monga 8/5 kapena 9/6. Yoyamba ndi makilogalamu a zovala omwe angachape, yachiwiri ndi omwe angaumitse. Kusiyanaku kumabwera kaamba koti pochapa zovala zimatha kuthithikana, koma pouma zimafuna danga loti zitambasuke mpweya uzidutsa. Makina oumitsa okhaokha amakhala ndi mgolo waukulu pa chifukwa chomwechi, pomwe mgolo wa makina ophatikizawa udapangidwa molingana ndi kuchapa.

Munthu akadzaza mgolo mpaka pa nambala yoyamba n'kulamula makina kuti achape ndi kuumitsa mosalekeza, zovala za pakati zimatuluka zonyowa ndipo zonse zimakwinyika kwambiri. Njira zilipo ziwiri: kuchapa zochepa zogwirizana ndi nambala yachiwiri, kapena kuchapa zodzaza n'kuchotsamo zina kuti zikayanikidwe pachingwe. Banja la anthu asanu ndi mmodzi lomwe limachapa mulu waukulu Loweruka lidzapeza kuti tsiku limodzi silikwanira, chifukwa mgolo ukamaumitsa sungachape zina.

Nkhani ya magetsi nayo ndi yaikulu. Kusandutsa lita imodzi ya madzi kukhala nthunzi kumafuna mphamvu yoposa pang'ono theka la yunitsi. Malita awiri ndi theka aja amafuna yunitsi imodzi ndi theka kapena kuposerapo, osawerengera kutentha komwe kumatayika ndi madzi oziziritsira. Pamakina ambiri, kuchapa kokha pa pologalamu yosamala magetsi sikufika yunitsi imodzi, koma kuchapa ndi kuumitsa kumadya mayunitsi pafupifupi atatu. Kwa wogula magetsi olipiriratu a ESCOM, kusiyanaku kumaoneka msanga pamita. Waya wotenthetsa amakokanso mphamvu yambiri moti inveta yaing'ono ya panyumba singaukwanitse magetsi akazima.

Kuyambira mu March 2021, makina ogulitsidwa m'mayiko a European Union ndi ku Britain amakhala ndi chikalata chatsopano chosonyeza kagwiritsidwe ntchito ka magetsi, cha magulu oyambira A mpaka G. Cha makina ophatikiza chili ndi mbali ziwiri: yochapa ndi kuumitsa, komanso yochapa kokha. Si zachilendo kuona makina ali pa A kapena B pochapa koma pa D kapena E akamaumitsa. Chikalatacho chimatchulanso malita a madzi ndi nthawi, ndipo pa pologalamu yoyeserera ambiri amatenga maola oposa asanu ndi awiri.

Pali mtundu watsopano wogwiritsa ntchito heat pump, yomwe imagwira ntchito mofanana ndi furiji. Mbali yake yozizira imachotsa chinyezi mumpweya, ndipo kutentha komwe yatengako imakubwezera mumpweya womwewo. Makinawa safuna madzi oziziritsira, amadya magetsi ochepa kwambiri ndipo amaumitsa ndi kutentha kocheperako, komwe sikuononga nsalu msanga. Makampani monga LG, Samsung ndi GE Appliances amapanga makina otere, koma mtengo wake ndi wokwera ndipo akaonongeka amafuna mmisiri wodziwa za makina oziziritsa.

Akagwiritsidwa ntchito moyenera, makina ophatikiza amaumitsa ndithu. Malaya, mayunifolomu, zovala zamkati ndi za makanda zimauma bwino. Matawulo okhuthala, majinzi ndi mabulangete ndizo zimavuta, ndipo nsalu zikuluzikulu zoyala pabedi zimakonda kupotana n'kubisa chinyezi mkati. Nthawi zina zovala zimamveka ngati zonyowa pozitulutsa chifukwa cha mpweya wofunda wa mumgolo, koma zikakutumulidwa n'kuzizira kwa mphindi zingapo zimapezeka kuti zauma. Phindu lina n'lakuti chovala chomwe sichidayanikidwe panja sichifikiridwa ndi ntchentche yoikira mazira pa zovala zonyowa, yomwe mphutsi zake zimalowa pakhungu.

Chisamaliro n'chofunika. Makina ambiri oziziritsa ndi madzi alibe sefa yogwira timaulusi tochoka ku zovala, choncho timaunjikana pa labala wa chitseko ndi musefa ya pampu yomwe imakhala kunsi chakutsogolo. Malo amenewa akapanda kutsukidwa, nthawi youmitsa imatalika. Si chovala chilichonse chomwe chimalola kutentha. Pa kansalu kosokeredwa mkati mwa chovala, chizindikiro cha kabwalo kozungulira mkati mwa kabokosi chimalola kuumitsa m'makina, ndipo chikakhala chodulidwa ndi mtanda ndiye kuti chovalacho chipite pachingwe. Majuzi a ubweya wa nkhosa amafupika akatenthedwa.

M'dziko lomwe dzuwa limawala miyezi yambiri pachaka, chingwe chikadali njira yaulere. Makinawa amathandiza kwambiri wokhala m'nyumba yopanda bwalo, banja laling'ono, kapena amene akufuna pothawira mvula ikagwa sabata yonse. Wotere akafika m'sitolo afunse zinthu zitatu: nambala yachiwiri ndi makilogalamu angati, makinawo amaziziritsa nthunzi ndi madzi kapena ndi heat pump, ndipo akaonongeka zipangizo zake zimapezeka kuti.