Tsabola amayatsa moto m'mimba, amauzimitsanso

Aliyense amene anapyolapo muyeso pothira kambuzi pa ndiwo amadziwa kuti nkhani sithera pakamwa. M'mimba mumatentha, ndipo m'mawa mwake kuchimbudzi kumakhalanso mlandu wina.

Chimene chimawawa mu tsabola ndi mankhwala achilengedwe otchedwa capsaicin. Chodabwitsa n'chakuti mankhwala omwewa akachuluka, kapena akabwerezedwa kawirikawiri, amagonetsa mitsempha yomva ululu. Katswiri wa ku Szeged m'dziko la Hungary, Miklós Jancsó, ndiye anazindikira izi poyesa pa nyama. Mu 1977 mwana wake, Gábor Jancsó, anaonetsa kuti tiana ta makoswe tongobadwa kumene tikabayidwa capsaicin, mitsempha ina ya ululu imaferatu.

Koma poti khoswe salankhula, ululu wake wa m'mimba amauyeza bwanji? Ofufuza amalowetsa kachibaluni m'matumbo mwake n'kumakapopa pang'onopang'ono, uku akuyeza mmene minofu ya pamimba ikukungikira. Ikakungika kwambiri, ndiye kuti zamupweteka. Kwa khoswe ndi chipsinjo ndithu, koma njirayi yaulula zambiri.

Mu 1997 David Julius ndi anzake ku San Francisco anapeza kachitseko ka pamitsempha kamene capsaicin amagogodapo. Masiku ano kamatchedwa TRPV1, ndipo kamatsegukanso kutentha kukafika pafupifupi madigiri 43. N'chifukwa chake ubongo umaona ngati wapsa ndi moto. Ntchitoyi inam'pezetsa mphoto ya Nobel mu 2021. Mu 2005 gulu la Gerald Gebhart ku America linapeza kuti mbewa zobadwa zopanda kachitsekoka sizinkamva kwambiri ululu wa kachibaluni kaja.

Nanga anthu? Mu 2008 madokotala a ku London anapeza kuti odwala nthenda ya IBS, imene munthu amamva kupotokola m'mimba koma akapimidwa chilonda osaoneka, ali ndi mitsempha ya TRPV1 yochuluka m'matumbo. Ku Bologna, m'dziko la Italy, odwala ena ovutika m'mimba akadya anapatsidwa ufa wa tsabola m'makapisozi kwa milungu isanu mu 2002, ndipo madandaulo awo anachepa, ngakhale kuti ena anayamba amva kuwawa masiku oyambirira.

Odwala a ku Bologna anali ochepa, ndipo anali atapimidwa kale. Kugonetsa mtsempha sikuchotsa chimene chikudwalitsa munthu. Amene akuchita chimbudzi cha magazi, akusanza kapena akuwonda popanda chifukwa, ulendo wake ndi wa kuchipatala, osati pabenchi la tsabola mumsika.